Kuika ma transmitter opanda waya kuno ku Lower Shire, yambani mwayang'ana nzimbe

Ntchito yanga yoyamba ya wireless ndinaigwira mwezi wa August pa esiteti ina yomwe sinditchula dzina, nzimbe atangodula kumene munda uli mbee ngati bwalo la mpira. Tinaika ma transmitter 9, zida zoyeza ndi kutumiza muyeso, mbali mwa ngalande ndi pa mapampu, gateway, bokosi lolandira mauthenga a zida zonsezo, pa denga la pump house, kuyatsa chonchi zonse zinalowa mu netiweki ola lisanathe, pa sikirini pali gilini yekhayekha, bwana kundigwira dzanja ine kunyada mpaka kukamwa yozizira pa Nchalo. Pofika February foni usiku, amwene zida zanu zija zikumasowa. Kupita kukaona batire ili bwinobwino, palibe chabedwa palibe chapsa, ma antena ali chilili. Ndinazungulira masiku awiri osamvetsa kanthu mpaka madala ena olondera mapampu atandiona ndikukanda mutu anangoti "kodi mwanangu, muja munkabwera muja nyumba ya pampu inkaoneka titaima pano, nanga lero mukuiona?" Sinkaoneka. Nzimbe zinali zitapitilira mutu wanga, masamba ali biliwili odzaza madzi, ndipo siginolo ya 2.4 GHz ndi chinthu chonyowa sizimwerana madzi.

Nde aphwanga amene mwangoyamba kumene za instrumentation, zomwe ndilembe apazi zili m'mabuku a opanga zida ndithu koma mabukuwo analembera fakitale yomwe imakhala chimodzimodzi chaka chonse. Kwathu kuno malo amasintha katatu pa chaka, kuli nthawi yomwe munda uli mbee, kuli nthawi yomwe nzimbe zatalika mamita atatu kapena kuposa, komanso kuli nthawi yomwe Shire ndi Mwanza akwiya madzi ali paliponse. Netiweki yanu muipange ya nthawi yoipitsitsayo osati ya tsiku lomwe mukuika.

Ndikamba kwambiri za WirelessHART chifukwa ndi yomwe ndaigwira ndi manja anga, ndi njira yomwe zida zoyezera zimalankhulirana popanda waya, inabwera ndi HART 7 mu 2007 kenako inadzakhala standard ya IEC 62591. Ilipo inzake ISA100.11a, imene ndi IEC 62734, maganizo ake ndi ofananako koma ziwirizi sizilankhulana, nde musagule gateway ya uku ma transmitter a uko mukuganiza kuti poti zonse ndi wireless zimvana. Mmene imagwilira ntchito mwachidule, chida chilichonse chimayeza chake, kaya pressure kaya level kaya temperature, nkutumiza, komanso chimalandira uthenga wa anzake nkupatsira kutsogolo mpaka ukafike pa gateway, ngati mmene timapatsirana ndowa pozimitsa moto. Njira imodzi ikatsekeka uthenga umadzera kwina. Nthawi inagawidwa tizigawo ta 10 ms chida chilichonse chili ndi mpata wake wolankhula, ndipo zimadumphadumpha pa ma channel 15 kuti zikapeza phokoso pena zipitilire pena. Mphamvu yake yonse ili pa anzake oyandikana nawo amenewo, transmitter yokhala yokha kutchire ndi mwana wamasiye.

Musanagule kanthu khalani pansi ndi anthu a process musankhe kuti ndi ziti zoyenera kupita pa wireless. Level ya damu, pressure potulukira pampu, temperature ya ma bearing, flow ya mu ngalande, level ya thanki ya molasesi, kugwedera kwa mota, izi ndi zabwino chifukwa zimasintha pang'onopang'ono ndipo nthawi zambiri zili kutali komwe kukumba ngalande ya kebulo ndi ndalama zankhaninkhani, osanenanso akuba kopa amene amafukula kebulo usiku umodzi wokha. Koma trip ya boiler, ija yoizimitsa zinthu zikavuta, emergency stop, loop yothamanga monga ya pressure ya steam, izi zisiyeni pa waya wa 4-20 mA mmene zilili. Wina akakukakamizani kuti tiike trip pa wireless tipulumutse kebulo, muuzeni alembe yekha pa pepala asaine, muona asintha nkhani. Ngati muli ndi transmitter yakale ya HART yomwe ikugwira bwino simukuyenera kuitaya, pali ka adapter komangilira pomwepo, a Emerson amakatcha THUM, kamatenga zonse za mkati mwa chidacho nkutumiza pa mphepo waya wakale uja akugwirabe ntchito yake.

Pomwepo gwirizanani za update rate, kuti chida chizitumiza pakapita nthawi yaitali bwanji. Apa ndi pomwe timakangana ndi ma operator chifukwa aliyense amafuna sekondi imodzi ngati akuonera mpira. Batire yake opanga amati imafika zaka 10 koma nambala imeneyo ndi ya kutumiza kamodzi pa mphindi pa malo ozizira bwino, ukaika pa masekondi awiri kapena anayi zaka zija zimatsika kwambiri, kuonjezera kutentha kwa kuno kwa October ndi November komwe ku Ngabu kumadutsa madigiri 40 ndiye basi. Gateway nayo ili ndi malire, ija ya Emerson 1420 imanyamula zida 100 pa masekondi 8, koma pa masekondi 4 ndi 50, pa awiri 25, pa sekondi imodzi 12 zokha. Funsani funso limodzi, damu limeneli kuti litsike masentimita asanu pamatenga nthawi yaitali bwanji? Akati theka la ola, nde sekondi imodzi mukuifuniranji, ikani mphindi imodzi mupume.

Tsopano kuyenda pa malo, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe ndinagwera. Tengani mapu a esiteti kapena chithunzi cha Google Earth musindikize pa pepala lalikulu, mulembepo chida chilichonse, kenako valani nsapato mukayende ndi miyendo, osati pa galimoto galasi lili lotseka. Mitunda yomwe timagwiritsa ntchito popanga pulani ndi iyi, pomwe pali zitsulo zothithikana moti galimoto singadutse monga mkati mwa mill kapena pa ma evaporator werengerani mamita 30 okha, pomwe pali zida koma pali mipata mamita 75, pomwe pali zotchinga zochepa monga pa mathanki otalikirana mamita 150, pomwe antena ziwiri zikuonana bwinobwino popanda chotchinga mamita 230. Zilipo za antena yamphamvu zofika mamita 800 koma zimafuna kukwezedwa m'mwamba ndithu. Funso ndi loti munda wa nzimbe uli mu gulu liti? Mu August uli mu gulu la 230, mu February ngati antena ili pansi pa masamba muuwerenge ngati khoma.

Ndipo sikuonana kokha ayi. Siginolo siyenda ngati ulusi, imafufuma pakati ngati chibaluni chachitali, a mabuku amati Fresnel zone. Pa 2.4 GHz, antena zikatalikirana mamita 200, pakatikati pamafunika mpata wa mamita pafupifupi awiri ndi theka kuchokera pa mzere woonana kupita pansi, zikatalikirana mamita 800 mpatawo ndi pafupifupi mamita 5. Sikuti wonsewo ukhale woyera koma gawo lalikulu, oposa theka. Nde werengani nokha, nzimbe mamita atatu ndi theka, kuonjezera mpata umenewu, mupeza kuti polo ya mamita 6 si kuononga ndalama. Ife tinakonza vuto lija ndi mapolo atatu basi ndi zida ziwiri zongopatsira uthenga, zomwe tikanaika poyamba pomwe bwenzi ndisanadzutsidwe usiku.

Mukuyenda choncho funsani anthu okhala pamalopo, alonda, oyendetsa mapampu, amayi olima mphepete. Afunseni madzi a Freddy mu March 2023 anafika pati, a Ana mu January 2022 aja anaononga Kapichira mpaka dziko lonse kukhala mu mdima anafika pati, ena akuuzani mpaka za 2015. Adzakulozerani pa khoma pomwe pali mzere wa matope mpaka lero, chida chanu chikhale pamwamba pa mzere umenewo, gateway ndiye kwambiri. Afunseninso kuti mathirakitala ndi ma haulage onyamula nzimbe amakhotera pati, chifukwa polo yoima pa kona siimaliza sizoni, komanso moto wootcha nzimbe asanadule umafika pati, pulasitiki ya antena siipilira moto umene uja. Center pivot nayo muiganizire, ndi chitsulo chachitali choyenda chikupopera madzi, chikadutsa pakati pa zida ziwiri siginolo imagwa kenako nkubwerera, ukamaona pa sikirini umangoti mwina ndi mizimu. Ku intake ya m'mbali mwa Shire musapite nokha ndipo musatsikire m'madzi kukaika bracket, ng'ona za kumeneko sizidziwa kuti ndinu injiniya.

Mukabwerera pa pepala paja jambulani mizere yozungulira chida chilichonse molingana ndi mitunda ija, nkuona malamulo atatu. Netiweki ikhale ndi zida zosachepera 5 zofikira gateway mwachindunji. Chida chilichonse chikhale ndi anzake osachepera atatu amene chikuwamva, kuti mmodzi akafa kapena lole ikaima pakati pakhale potulukira. Ndipo netiweki ikakula, kotala ya zida zonse izifikira gateway yokha popanda kudzera kwa mnzake. Chimene mukusaka kwenikweni ndi chida chomwe anzake ambiri akudalira icho chokha kuti akafike kwa gateway, chimenecho batire yake imatha msanga chifukwa chikunyamula katundu wa mudzi wonse, ndipo tsiku lomwe chidzafe chidzapita ndi onse a kumbuyo kwake, ngati mmene zimakhalira mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa ukavuta, tonse a Nchalo, Ngabu mpaka Nsanje timangoyang'anana. Mukachipeza ikani china pambali pake, transmitter iliyonse yotchipa imagwira ntchito yopatsira. Ngati malo ena ali kutali makilomita angapo, monga mmene zikhalire m'mbali mwa ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira, musakakamize WirelessHART kuti idumphe maulendo khumi, ikani gateway ina komweko muilumikize ndi fibre kapena radio, kapena ganizirani LoRaWAN, njira ina ya wireless yomwe imapita kutali koma ndi nkhani ina ya tsiku lina.

Pogula, uzani supplier akuonetseni kuti zida zake zili ndi type approval ya MACRA, ndipo ngati zikukaikidwa pomwe pali mpweya woyaka, monga pa distillery ya ethanol ngati ija ya PressCane kapena pa mathanki a mafuta, zikhale ndi chizindikiro cha Ex, chosonyeza kuti ndi zotetezedwa kuti zisayatse mpweyawo, chogwirizana ndi zone, gulu la kuopsa kwa pamalopo. Itanitsaniponso mabatire apadera nthawi yomweyo, ndi a lithium ndipo pa ndege amawatenga ngati katundu woopsa nde amachedwa, kuphatikiza nkhani ya forex mukuidziwa kale.

Katundu akafika yambani ndi gateway, osati ma transmitter. Iikeni pakati pa zida osati kumapeto, antena iime chilili mamita 5 mpaka 7 kuchokera pansi, kapena mamita awiri pamwamba pa denga, italikirane ndi khoma kapena chitsulo chachikulu mita imodzi. Ngati antena ili pa kebulo ya coax musaiwale lightning arrestor polowera m'nyumba ndipo earth yake ikhale yeniyeni yoyezedwa ndi mita, osati kawaya kokulungidwa pa paipi. Ziphaliwali za kuno mvula yoyamba ikamabwera mukuzidziwa. Ma connector onse akunja akulungeni ndi tepi ya rabara yodzimata ija kenako insulation tepi pamwamba, kebulo ipinde pansi isanalowe mu bokosi kuti madzi azidontha panja. Magetsi ake ndi 24 V DC ndipo adutse pa UPS, chifukwa magetsi akathima gateway nkuzima netiweki yonse imayambanso kudzimanga pachiyambi, ma transmitter amakhala akusakasaka gateway ndipo kusakako kumadya batire, nde kuthimathima kwa magetsi kumakudyerani mabatire a zida zomwe sizili nkomwe pa magetsi.

Lumikizani laputopu pa gateway ndi kebulo, ya Emerson imabwera ndi adilesi ya 192.168.1.10, ikani laputopu pa adilesi yoyandikana nayo mutsegule browser. Chinthu choyamba sinthani pasiwedi, lero lomwe osati mawa, ma pasiwedi obwera nawo ali mu manual yomwe aliyense atha kuipeza pa intaneti. Ikani IP yomwe mwagwirizana ndi a control system, ikani nthawi yolondola makamaka kudzera pa NTP, seva yopereka nthawi ya mu fakitale momwemo. Kenako zinthu ziwiri zomwe ndi mtima wa nkhani yonse, Network ID ndi Join Key. Network ID ndi nambala ya netiweki yanu, gateway iliyonse ikhale ndi yake, musasiye yobwera nayo chifukwa tsiku lina kontrakitala adzabwera ndi gateway yake ya nambala yomweyo zida nkuyamba kusokonekera. Join Key ndi kiyi wolowera, zilembo 32 za hex m'magulu anayi a 8, mauthenga onse amabisidwa ndi AES-128 koma kubisako nkopanda ntchito ngati kiyi mwamulemba ndi maka pa chitseko cha panel, ndinazionapo ndi maso angawa. Musaikenso 1111 mpaka kumapeto. Mulembe mu buku losungidwa kwa injiniya wamkulu, zida zikadzalowa zonse mutha kusintha kuti chilichonse chikhale ndi kiyi wakewake.

Ma transmitter akonzereni mu workshop pa benchi pali fani, osati kumunda dzuwa lili pa liwombo sikirini ya communicator, kachida kam'manja kokonzera ma transmitter, osaoneka. Tsegulani chivindikiro cha kumbuyo, lowetsani batire, kolekani communicator, kaya Trex kaya 475 yakale ija kaya HART modem pa laputopu, pa ma terminal olembedwa COMM. Lembani tag yogwirizana ndi ya pa drawing, mpata ulipo wa zilembo 32 nde lembani zomveka, osasiya dzina la ku fakitale kuti mawa muzidzaona zida 20 za maina ofanana. Ikani ma unit, range, update rate, Network ID, Join Key, ndipo mnzanu awerenge mokweza inu mukuyang'ana chifukwa chida chikakana kulowa kawirikawiri ndi chilembo chimodzi cholakwika, B mwalemba 8. Mukamaliza chotsani batire. Ichi anthu amachiiwala, mukazisiya zoyaka pa benchi zimalowa mu netiweki zili pamodzi, zimadziwana ngati oyandikana, mukakazimwaza kumunda zimayamba kufunafuna anzawo omwe kulibe ndipo zimatenga nthawi kuti zikhazikike. Lembani ndi maka tsiku pa batire iliyonse.

Tsiku loika, yatsani active advertising pa gateway kuti iziitana zida mwachangu, nde muyambe ndi chida chapafupi kwambiri ndi gateway, muike batire, mudikire chilowe, kenako chotsatira, kumapita kutali pang'onopang'ono. Mukayambira kutali chidacho chilibe woti chilankhule naye, chingokhala chikusaka. Kulowa kumatenga mphindi zingapo, nthawi zina kupitilira khumi, musathamangire kuchotsa batire nkubwezeretsa ngati mukukonza decoder, mukatero mukuyambitsanso zonse. Mmodzi akhale pa laputopu wina kumunda muzilankhulana pa wailesi kapena foni.

Pomangilira, antena iloze kumwamba nthawi zonse ngakhale transmitter itagona cham'mbali, imazungulira, itembenuzeni. Isagundane ndi thanki kapena paipi yaikulu, isiyeni mpata wosachepera theka la mita, mita imodzi ndi bwino. Bowo la conduit lomwe simukugwiritsa ntchito tsekani ndi plug yachitsulo ndi thread tepi, kapulasitiki kofiira kobwera nako kaja ndi ka paulendo chabe, dzuwa la kuno limakaphwanya miyezi yochepa kenako mulowa madzi, nyerere, ndipo mavu amamanga nyumba ya dothi momwemo. Ndinatsegulapo ina ya level ndinapeza nyerere zadzaza mpaka pa ma terminal a batire zitabweretsa ndi mazira omwe. Chivindikiro chimangeni mpaka chitsulo chigunde chitsulo kuti O-ring igwire. Ikani kadenga kotchinga dzuwa, zida zambiri zimalembedwa kuti zimapilira mpaka madigiri 85 koma chitsulo chokhala padzuwa la Nsanje masana simungachigwire ndi dzanja, ndipo batire ndi sikirini ndi zomwe zimavutika, kadengako kasaphimbe antena ngati ndi kachitsulo. Za akuba, khola la zitsulo lozungulira chida chonse limapha siginolo, nde tsekerani thupi la chida antena ituluke pamwamba, kapena kwezani pa polo yosakwereka. Kucheza ndi amfumu ndi anthu a m'mudzi wapafupi kuwauza kuti mkatimo mulibe kopa ndipo batire yake siyatsa wailesi kapena kutchaja foni kumathandiza kuposa loko.

Zonse zikalowa musathamangire kuitana bwana. Isiyeni netiweki maola angapo, ine ndimaisiya usiku wonse, idzikonze yokha, mmawa mutsegule tsamba la ma statistics. Reliability, gawo la mauthenga omwe afika pa gateway, ikhale pamwamba pa 99%, path stability, gawo la mauthenga odutsa pa njira imodzi popanda kubwereza, pa njira yabwino ya chida chilichonse ipose 60%, RSSI, mphamvu ya siginolo, isatsike kupitilira -75 dBm, kumbukirani kuti ndi nambala ya minus nde -60 ndi yabwino kuposa -80, ndipo muwerenge ma neighbour. Reliability ikhoza kuonetsa 100% pomwe path stability ili pansi, kutanthauza kuti uthenga ukufika koma pobwerezabwereza, batire ikupita. Chida chomwe chili pa malire mu August muzidziwa kuti mu February kulibe. Ngati pafupi pali WiFi ya ofesi kapena ma radio a makamera nawonso ali pa 2.4 GHz, kambiranani ndi a IT akhale pa channel 1, 6 kapena 11 kuti pakati pazitsala mipata, ndipo antena zawo zisakhale polo imodzi mogundana ndi yanu.

Kenako kulowetsa manambala mu PLC kapena DCS, makompyuta oyendetsa makina a fakitale aja. Njira yomwe ambiri timagwiritsa ntchito ndi Modbus TCP pa port 502, kapena Modbus RTU pa RS-485 ngati PLC ndi yakale, ilipo OPC, komanso HART-IP pa port 5094 ya mapulogalamu oyang'anira zida. Pa gateway mumapanga tebulo, tag yakuti PV yake, nambala yomwe chidacho chikuyeza, ipite register yakuti, malo osungira nambala mu Modbus. Misampha ilipo iwiri yomwe imagwira aliyense. Nambala ya float imatenga ma register awiri, nde mukaona level ya damu ikuwerenga nambala yamisala ya ma zero ambirimbiri si transmitter yafa, ma word atembenuka, sinthani swap. Wina ndi wa kuwerenga, ena amayambira 0 ena 1, 40001 ya uku ndi 0 ya uko, mukaphonya ndi imodzi zonse zimasokonekera. Yesani chida chimodzi kaye ndi simulate, pomwe chida chimatumiza nambala yomwe mwachiuza inu, ikani 50% muone ngati control room ikuona 50%, kenako muchotse simulate, musaiwale kuchotsa chonde.

Koma chachikulu ndi ichi, waya wa 4-20 mA ukaduka current imagwa pa zero PLC imadziwa pompo. Wireless ikasowa register ikhoza kungokhala ndi nambala yomaliza, yooneka bwinobwino, operator akuona damu lili 70% kuyambira dzulo pomwe pampu ikukoka mphepo. Usiku uja wa February ndi zomwe zinachitika, palibe alamu inalira, anazindikira ndi operator wina wochenjera amene anadabwa kuti level siikusuntha mapampu onse akuyenda. Nde pa chida chilichonse tengani ndi status yake, ngati chili online komanso ngati nambalayo ndi yabwino, muikenso voteji ya batire. Mu PLC lembani kuti chida chikaphonya maulendo angapo otsatizana nambala isinthe mtundu pa sikirini alamu ilire, ndipo ngati pali logic yodalira nambala imeneyo ipite pa malo otetezeka. Yesani pochotsa batire ya chida chimodzi dala operator akuona, muwerenge kuti alamu yatenga nthawi yaitali bwanji, pomwepo muonanso ngati anzake a kumbuyo apeza njira ina.

Gateway ikhale ku netiweki ya control kuseri kwa firewall, isalumikizidwe pa switch ya ofesi pomwe pali ma laputopu a aliyense ndi ma flash odzaza ma virus, ndipo musaiike pa intaneti kapena pa ka router ka SIM kadi kuti bwana aziona pa foni ali ku Blantyre. Modbus ilibe pasiwedi, aliyense wofika pa port imeneyo amawerenga ndi kulemba. Akafuna kuona ali kutali manambala adutse pa historian, kompyuta yosunga manambala, mu DMZ, chigawo cha pakati pa netiweki ya control ndi ya ofesi, ndi zomwe IEC 62443 imanena pa nkhani yogawa netiweki m'zigawo. Ma protocol omwe simukugwiritsa ntchito atsekeni pa gateway pomwepo. Mukamaliza tengani backup ya gateway muisunge malo awiri, gateway ikapsa ndi chiphaliwali mulibe backup mudzayenda chida ndi chida ndi communicator kulembanso ma key, padzuwa.

Pomaliza sindikizani tsamba la ma statistics la tsiku lopereka ntchito, mulembepo deti ndi kutalika kwa nzimbe za m'minda yozungulira tsiku limenelo, muike mu faelo. Mudzatengenso lina kumapeto kwa January kapena mu February nzimbe zitatalika mvula ili mkati, muziike pamodzi muone chida chomwe ma neighbour atsika kuchoka pa anayi kufika pa mmodzi. Popita ulendo umenewo nyamulani ma gambutsi, batire imodzi yapadera, transmitter imodzi yokonzeratu ya Network ID ndi Join Key yoti mukaipachike pomwe pavute, ma U-bolt, ndipo mupemphe thirakitala chifukwa pick-up siifika ku ma block akumunsi mwezi umenewo.